Kodi mumadziwa? Zitunda za Dowa ndi Ntchisi pa njinga yakapalasa

Kodi mumadziwa kuti misewu ya m'Malawi imene ili m'kaundula wa boma ndi yotalika makilomita oposa 15,000, koma ya tala ndi makilomita ongopitirira pang'ono 4,000? Yotsalayo ndi yafumbi, yamiyala, ndipo dzinja likafika ndi yamatope. Mutailumikiza yonse ingapitirire makilomita 11,000, kuposa ulendo wapamsewu wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town.

Misewu imeneyi timaidandaula, ndipo m'pomveka, makamaka mayi akadwala usiku mvula ili mkati. Koma kunjaku kuli anthu amene amachita kuisakasaka, mpaka kukwera ndege n'cholinga chokapalasa njinga pamsewu wopanda tala, masewera amene amawatchula kuti gravel. Mpikisano wawo wotchuka wa Unbound Gravel, wa makilomita 320 ku Emporia m'dziko la America, lero umakoka anthu zikwizikwi, chikhalirecho unayamba mu 2006 ndi anthu 34 okha.

Bungwe loona za mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano wake woyamba wa gravel mu 2022 ku Italy. Koma anzathu a ku Kenya anali atayamba kale wawo mu 2021, wa Migration Gravel Race, wodutsa m'dera la Maasai Mara. Mtunda wake? Makilomita pafupifupi 650 m'masiku 4.

Nanga kuno kwathu msewu wa mtundu umenewo ungapezeke kuti? Tulukani pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, muyang'ane chakumpoto chakum'mawa: mapiri mukuwaonawo ndi a Dowa, ndipo kuseri kwake kuli a Ntchisi. Kuchokera pabwalo la ndegepo kukafika pa boma la Dowa sipakwana makilomita 40.

Musanayambe n'komwe kupalasa muli kale m'mwamba. Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Abale athu a ku Cape Town akamayang'ana phiri la Table Mountain khosi lili chagada, akuyang'ana nsonga ya mamita 1,085 basi.

Phiri la Ntchisi ndiye limapitirira mamita 1,600. Azungu amene ankakonda kukapumako mphepo nthawi ya atsamunda analibe phiri lotere kwawo. Lalitali kwambiri ku Britain konse, Ben Nevis, limalekeza pa mamita 1,345.

Mukayamba kupuma mwawefuwefu pachitunda cha kumeneko, musafulumire kunena kuti mwakalamba. Pamtunda wa mamita 1,600 mpweya ndi wopepuka, kotero kupuma kamodzi kumalowetsa wochepa m'mapapo. Poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, umachepa ndi magawo pafupifupi 17 pa 100 alionse.

Tsopano gwadani muwerenge mano a njinga yanu. Njinga zambiri zakumudzi zimakhala ndi mano ngati 44 pagudumu la pamapedalo ndi 18 pakagudumu ka kumbuyo, ndiye mukapalasa kamodzi mumayenda mamita oposa 5, kaya ndi pachidikha kaya ndi pachikweza. Wa njinga ya gravel akaona chitunda amangotsitsa giya, kupalasa kamodzi n'kuyenda mamita 2.

Mwaona pamene pagona nkhani? Mnyamata wa kabaza wa pa Mponela kapena pa Ntchisi boma amakwera chitunda chomwecho ndi giya imodzi, yolimba kuwirikiza kawiri ndi theka, kumbuyo atanyamula munthu ndi thumba lake. Kwa ine katswiri ndi ameneyu: njinga ya gravel imalemera makilogalamu 9 kapena 10, pamene yakeyo, isanakwere ngakhale nkhuku, imapitirira 20.

Njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa m'maiko a kuno, anaipangira misewu ngati yomweyi. Ndi yachitsulo chokhachokha, ndipo alangizi a zaumoyo ndi ana asukulu ambiri akuidziwa bwino. Keliyala yake yokha anaipanga kuti izinyamula makilogalamu 100.

Kodi kutsika n'kukankha njinga pachitunda ndi manyazi? Mu 1910 mpikisano wa Tour de France unadutsa koyamba paphiri la Tourmalet, lalitali mamita 2,115, msewu wake uli wafumbi ndi miyala, ndipo Octave Lapize anatsika n'kumakankha njinga yake. Chaka chimenecho amene anapambana mpikisano wonse anali yemweyo, nambala 1.

Ndipo anthu amenewo ankapalasa ngati ife. Tour de France inayamba mu 1903, koma chipangizo chosinthira magiya munthu ali chipalasire anachiloleza mu 1937. Akatswiri a dziko lonse anakwera mapiri opanda chipangizochi kwa zaka 34.

Chitunda chimadya nsima, ndipo tingathe kuwerengera. Munthu ndi njinga yake akamalemera makilogalamu 80 pamodzi, kukwera mamita 1,000 kumatentha makalori pafupifupi 800, osawerengera kutalika kwa ulendo. Ufa wa magalamu 100 uli ndi makalori ngati 360, ndiye chitundacho chatha nsima ya ufa wa magalamu oposa 200.

Muikepo matumba awiri a soya a makilogalamu 50 pakeliyala, muone. Mphamvu yofunika imawirikiza kawiri n'kupitirira, n'chifukwa chake onyamula katundu sadutsa pachiwaya kapena pa mayi wa thobwa osaima. Inunso musanyamuke chimanjamanja: mtedza wokazinga wa magalamu 100 uli ndi makalori oposa 550.

Dothi lofiira lija la katondo, limene limasintha malaya oyera kukhala a mtundu wina, lili ndi chitsulo chimene chinachita dzimbiri. Likauma limalimba bwino ndipo njinga imathamangapo mokoma. Koma samalani ndi timiyala toyera ta nsangalabwi pamakona: pa sikelo ya kulimba kwa miyala tili pa 7, pamene mpeni wamba uli pa 5 ndi theka.

M'madambo ndiye muli makande. Mvula ikangogwa amakakamira kutayala, n'kudzaza mpata wonse mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mwini njinga amasanduka wonyamula njinga. N'chifukwa chake nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, miyezi 5.

Nanga timizere topingasa tija, timene timagwedeza njinga mpaka mano kuwombana, amatikumba ndani? Palibe: timadzipanga tokha magalimoto akamadutsa pamsewu wafumbi, gudumu lililonse n'kumakankhira dothi patsogolo pang'ono. Ofufuza anapeza kuti timayamba kuoneka liwiro likangopitirira makilomita ngati 8 pa ola.

Mankhwala ake ndi odabwitsa: chotsani mpweya pang'ono. Tayala lopopa gwa limadumphadumpha pamiyala, pamene lofewerapo limagwira nthaka n'kumeza mabampu. A njinga zothamangira patala ankapopa mpaka 100 pa geji, koma a gravel amalekeza pa 30 kapena 40, chimodzimodzi tayala la galimoto yaing'ono.

Munga wa mthethe suona nkhope, ndiye tsiku lina mudzaima pansi pa mtengo wa mango pamene pali wokonza njinga. Muonetsetseni: amatulutsa chubu, kuchipopa, kuchimiza m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo mpaka timathovu titatulukira, kenako amapala pamalopo, kupaka guluu, kuuzira kuti aume, n'kumata chigamba chodula ku chubu chakale. Zida zake zonse zimakwana m'kathumba kamodzi, ndipo ntchito yatha m'mphindi 10.

Chubu chikatheratu sichitayidwa. Amachilenga malegeni, ndipo malegeniwo ndi amene amamanga mabelo a fodya, mitolo ya nzimbe, makreti ndi mbuzi pakeliyala. Tayala lopopa lenilenilo analitchukitsa ndi John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast amene ankafuna kuti kanjinga ka mwana wake kasamagwedeze, mu 1888.

Gwirani chaka chimenecho. Chaka chotsatira, mu Novembala 1889, abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga msasa pa Mvera, m'dera la mfumu ya Angoni Chiwere, ndipo pamenepo ndi pamene panaphukira Sinodi ya Nkhoma. Mishoni ya Mvera ndi tayala la njinga yanu zimasiyana kubadwa ndi chaka 1.

Mapiri a Mvera, amene mumawaona mukamatsikira ku Salima pamsewu wa M14, ali ndi tinjira tokhotakhota tokoma kupalasamo. M'mapiri omwemo William Murray ndi anzake anagwira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Baibulo m'chinenero chathu. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndiye lapitirira zaka 100.

Kumpoto kwa boma la Dowa kuli Kongwe, mishoni ina imene inatsegulidwa mu 1894, kumene kuli sukulu ya sekondale ya Robert Blake m'tsinde mwa phiri. Ambiri amene anaphunzira kumeneko amakumbukira kuzizira kwa m'mawa wa Juni. Sizinali zongoganizira: mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka.

Pochokera ku Lumbadzi, musanafike pa boma la Dowa mumadutsa pa Dzaleka. Nthawi ya Kamuzu panali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, ndipo mu 1994 panasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Anaukonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000.

Imanipo, musangodutsa. Pamsika pake mudzamva Chiswahili, Chifalansa, Kirundi ndi Chichewa m'mzere umodzi wa mabenchi, ndipo chapati cha pamenepo chimakufikitsani patali. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chimakokera oimba ndi alendo zikwizikwi mumsasamo, anachiyambitsa ndi mlakatuli Menes la Plume mu 2014.

Kodi mumadziwa kuti njinga yotchuka kwambiri ya m'Malawi inatchuka itasiya kuyenda? William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa mu 1987 n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, anatenga njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Anali ndi zaka 14.

Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009, kenako m'filimu ya Chiwetel Ejiofor imene inaonetsedwa pa Netflix mu 2019. Mphepo imene inazunguza makina ake ndi yomweyo idzakukankheni pachifuwa pamitunda ya Dowa mwera ukamaomba. Ndipo mphepo ilibe chisoni: liwiro lake pa inu likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokubwezani imawirikiza ka 4.

Kuti misewuyi ndi yabata sizitanthauza kuti kulibe anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Chimene chikusowa ndi magalimoto, osati moni, pakuti ku Dowa pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu oposa 250.

Choncho msewu uli ndi mwambo wake, ndipo wapanjinga ayenera kuudziwa. Mukaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, pamudzipo pagwa zovuta: tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Ngakhale mutakhala kuti mukuthamangitsana ndi nthawi, zimenezi sizikudyerani mphindi 5.

Mukakumana ndi Gule Wamkulu, chimodzimodzi: patukani, tsikani, musaloze chala, ndipo foni isatuluke m'thumba musanapemphe kwa akuluakulu amene akumuperekeza. Kuno ndi kwawo kwa gule, ndipo miyezi yabwino kupalasa ndi yomwenso amatuluka kwambiri anthu atakolola. Bungwe la UNESCO linaulemekeza monga chuma cha anthu onse a padziko mu 2005.

Nanga timagulu ta mitengo ikuluikulu tija, toima patokha pakati pa minda ya fodya ndi chimanga? Kambiri amakhala manda, ndiye musakapumeko ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Koma yang'anitsitsani muli kumsewu: mitengo yachilengedwe imene ili mmenemo ikukuonetsani mmene dera lonselo linkaonekera zaka 100 zapitazo.

Tsopano tiyeni kunkhalango yeniyeni. Kuchoka pa boma la Ntchisi msewu wafumbi umalowera kum'mawa, kukwera ndi kutsika mitunda, kudutsa cha ku Chinthembwe, phiri lakuda bii ndi mitengo likukulirakulira kutsogolo. Nkhalango ya Ntchisi ndi yaikulu mahekitala oposa 7,000, kapena kuti mabwalo a mpira oposa 10,000.

Boma linaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924. Koma oyamba kuisunga sanali a boma: mbiri imanena kuti Achewa ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, ndipo pobisalira pako sugwetsapo mtengo. Ngakhale titangowerengera za boma zokhazo, nkhalangoyi inatetezedwa dziko lino lisanalandire ufulu ndi zaka 40.

M'mphepete mwake muli nyumba yogona alendo ya Ntchisi Forest Lodge, ya zipupa zochindikala. Inamangidwa ngati nyumba ya bwanamkubwa wachizungu wa boma, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikugwirabe ntchito m'chigawo chapakati. Chaka chake ndi 1914, John Chilembwe asanaukire atsamunda ndi chaka chimodzi.

Kodi mumadziwa kuti paphiri limodzili pali nkhalango ziwiri? M'munsi muli mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, yotayana bwino, dzuwa n'kumalowa. Pamwamba pali nkhalango yobiriwira chaka chonse, yamdima, yonyowa, ya zilambe zolendewera. Mpweya wachinyontho wochokera kunyanja ukagunda phiri umakwera, kuzizira n'kusanduka nkhungu, ndiye mitengo ya pamwambayo imamwa ngakhale mu Julayi, mvula italeka miyezi 3 yapitayo.

Ya m'munsiyo ili ndi chodabwitsa chake. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, kunja kuli gwa, mvula kulibe, mitengo ya tsamba imaphuka masamba ofiira ndi ofiirira, phiri lonse n'kuoneka ngati lafunda chitenje chatsopano. Nkhalango za mtundu umenewu zayala mu Africa pa masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni, kuposa dziko la Malawi ka 20.

Bowa wa ndelema amene amagulitsidwa m'mbale m'mbali mwa msewu nthawi yadzinja salimidwa. Amamera molumikizana ndi mizu ya mitengo yomweyi, kotero mtengo ukagwa bowanso amasamuka. Ku Zambia, m'nkhalango zonga zomwezi, pachulu pamamera bowa wina amene chipewa chake chimatambalala mpaka mita 1.

Siyani njinga panja, mulowe wapansi m'nkhalango ya pamwamba ndi munthu wodziwa njira, mukaone kachere. Moyo wake umayambira m'mwamba: mbalame imasiya kanjere panthambi ya mtengo wina, mizu n'kumatsika pang'onopang'ono, kukumbatira mtengowo mpaka kuupha. Mtengo wa mkatiwo ukaola pamatsala mphako yoti munthu wamkulu n'kuimamo, zonsezi kuchokera ku njere ya mamilimita osakwana 2.

Ndipo kachere sabereka popanda mlendo. Maluwa ake ali mkati mwa chipatso, ndiye pamafunika kamavu kakang'ono kolowa pakabowo kukapereka mungu, kawirikawiri mtundu uliwonse wa mkuyu ndi kamavu kakekake. Padziko lonse mitundu ya mikuyu ndi akachere ndi yoposa 750.

Nthambi zikagwedezeka m'mwamba popanda mphepo, imani. Ameneyo ndi nchima, mbale wake wa pusi koma wakuda motuwira, wokonda nkhalango zowirira, amene satsikatsika pansi. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi lake.

M'nkhalangomu mulinso anyani, nguluwe, mbawala, agwape ndi anungu, koma ambiri mudzangoona mapazi awo. Chimene mudzaone ndi maso ndi mbalame yobiriwira ya chitsumba, ya mtundu wa turaco, ikamauluka n'kuonetsa mapiko ofiira psuu. Kufiirako kumachokera ku utoto wopezeka mwa mbalame za mtundu umenewu zokha, ndipo muli mkuwa, womwe uja amakumba ku Zambia.

Apa ndi pamene njinga yakapalasa imaposa yamoto. Njinga yamoto imalira madesibelo ngati 90, kucheza kwa anthu awiri ndi 60, ndipo wopalasa amangomva tcheni ndi mpweya wake. Koma mu Okutobala bata limatha, chifukwa nyenje ina ya mu Africa anaiyeza ili pafupi n'kupeza madesibelo 106.

Khutu likakhala lotseguka mungamve nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi, ikukuitanani. Ku Niassa m'dziko la Mozambique, Claire Spottiswoode ndi anzake anatsatira Ayao ofula uchi, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2016. Alenjewo akaitana mbalameyi ndi kaitanidwe kawo, mwayi wopeza njuchi unkakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100 alionse.

Maluwa a orchid nawo alimo, ena pansi, ena atakakamira panthambi, ndipo amaonetsa kukongola kwawo nthawi yamvula. Amene munadyapo chinaka munadya tizinamizu ta maluwa a banja limeneli. Dziko lathu laling'onoli lili ndi mitundu yake pafupifupi 400.

Pali china chimene mudzakumane nacho, ndipo chimandiwawa mtima: njinga zotsika m'mapiri zitasenza matumba a makala. Wokankhayo si mdani, akusaka ya sopo ndi fizi, ndipo wogula ndi ife a m'tauni, poti mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Koma uvuni wadothi umadya: kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala pamapsa nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10.

N'chifukwa chake ndimati wopalasa asamangodutsa ndi chakudya chake cha m'tauni m'chikwama. Lembani wolondolera njira wa m'mudzi momwemo, gulani uchi, nthochi, mbatata ndi khofi wa alimi a m'mphepete mwa phiri, kuti mtengo woimirira uzibweretsa ndalama kuposa wogwa. Alimi a ku Ntchisi akulimanso makademiya, mtengo wochokera ku Australia, umene ukasamalidwa umabereka zaka zoposa 40.

Ludzu likakugwirani, mverani kulira kwa mjigo. Kodi mumadziwa kuti mjigo wa Afridev, umene wafala m'maiko ambiri a mu Africa, unayambira m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dzina lake loyamba lili Maldev? Umakoka madzi kuchokera pansi mamita mpaka 45.

Pemphani kaye kwa amayi amene ali pamzere, mupope nokha, mudzaze mabotolo onse. Musadikire kuti kukhosi kuume, pakuti pachitunda thukuta limatuluka mosaonekera, mphepo n'kumaliumitsa. Dzuwa likakwera, wopalasa amatha kutaya lita 1 pa ola.

Kumpoto kwa Ntchisi, kupitirira Malomo, msewu wa M18 umalowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, ndipo kumeneko musalowe panjinga musanafunse oyang'anira. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamalole. Nkhalangoyo ndi ya masikweya kilomita 1,800, kuposa boma lonse la Ntchisi limene ndi 1,655.

Mtsinje wa Bua, umene umalandira madzi a kumadzulo kwa Dowa ndi Ntchisi, umadutsa m'nkhalango imeneyo popita kunyanja. Nsomba ya mpasa imachita zosiyana ndi madziwo: imachoka kunyanja n'kukwera mtsinje kukaswa. Njovu yamphongo imene imamwa m'mbali mwake imatha kulemera makilogalamu 6,000, kufanana ndi njinga za gravel 600.

Tsiku lopanda nkhungu, imani kum'mawa kwa phiri la Ntchisi muyang'ane pansi. Nyanja ya Malawi ili apo, mbuu, ndipo kutsidya kwake mapiri a Mozambique akuoneka bwinobwino. Sizodabwitsa: nyanjayi pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita ngati 75, pamene diso la munthu woima pamwamba chotere limafika makilomita oposa 110.

Chimene mwaimapocho ndi mlomo wa chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Pamwamba pa madzi a nyanjayi ndi mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, koma pozama kwambiri ndi mamita 700, ndiye pansi pake papitirira nyanja yamchere kutsika ndi mamita oposa 200. Kung'ambikako sikunathe: anthu a ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989.

Mtsetse wotsikira kuchigwa, cha ku Mwansambo, ndi wokoma, koma ndi umene umafuna nzeru kuposa chitunda. Yesani mabuleki musanayambe, gwirani onse awiri mosinthasintha, thupi likhale chakumbuyo, ndipo za kuponda tayala ndi patapata zisiyeni. Liwiro likachoka pa makilomita 20 kufika 40 pa ola, mtunda woti muime suwirikiza kawiri koma ka 4.

Limu yachitsulo ikanyowa, mabuleki a labala amangoseseleka kaye asanagwire, ndiye mukawoloka kamtsinje afinyeni pang'ono kuti aume. Valaninso chipewa choteteza mutu, ngakhale anzanu akuseke. Kafukufuku wa m'maiko ambiri akusonyeza kuti chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi pafupifupi theka.

Nyamukani m'mamawa. Mu Juni dzuwa la kuno limalowa nthawi isanakwane 5:30, ndipo silichedwa kutenga kuwala kwake konse. Kuchokera pamene lalowa kufika poti simukuonanso dzenje pamsewu ndi mphindi ngati 25.

Mukatsika mudzapeza dziko lina: juzi m'chikwama, minda ya mpunga ndi chinangwa m'malo mwa mbatatesi, kutentha kutakwera ndi madigiri ngati 7. Kenako mudzatembenuka n'kuona chimene chikukudikirani pobwerera. Kuchokera m'mbali mwa nyanja kukafika pansonga ya Ntchisi, chigawo chomaliza wapansi, ndi kukwera mamita oposa 1,100, chimodzimodzi chitunda chotchuka cha Alpe d'Huez ku France, cha makona 21.

Okonda njinga ali ndi masewera ena amene amati Everesting: kukwera ndi kutsika chitunda chimodzi mobwerezabwereza, osagona, mpaka utakwanitsa kutalika kwa phiri la Everest, mamita oposa 8,800. Kodi miyendo yanu ikuti bwanji? Kuchokera kunyanja kukafika pamwamba pa Ntchisi, mungafunike kukwera maulendo 8.